Paki yopanda mpando: zolemba za ulendo wa ku Mzuzu

Lolemba

Ndafika ku Mzuzu chakumadzulo. Kuchokera pa Chikangawa mpaka kutsikira m'tauni kunali chifunga chokhachokha ndi kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa. July wa kuno si wamasewera. Mzindawu uli pa mapiri a Viphya, mamita opitirira 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, ndiye amene mukubwera mwezi uno musanyengeke ndi kutentha kwa m'basi pa Kasungu. Jekete likhale pafupi.

Chandibweretsa ndi chinkhoswe cha msuweni wanga, mwana wa amalume, chomwe chichitike Loweruka mu holo ya m'dera lawo. Amalume kwawo ndi ku Dedza, koma anabwera kuno pa ntchito ya boma Mzuzu asanatchedwe n'komwe mzinda, ndipo atapuma ntchito sanabwererenso kumudzi. Anamanga konkuno, ana anakulira konkuno.

Wa sakaramento, dzina la kuno la kabaza wa njinga, yemwe wanditenga pa depoti sanafune kumva za nambala ya nyumba. Wangofunsa kuti, "Ndi kumtunda kapena kumunsi kwa galaundi?" Nditati kumunsi, wayamba kupalasa osafunsanso kanthu. Tadutsa m'mbali mwa bwalo la ndege, lomwe kuno lili pakati penipeni pa nyumba za anthu, talowa kamsewu ka dothi lofiira loterera, kenaka tatulukira pagalaundipo. Ndi bwalo la dothi, udzu unangotsala m'mphepete. Magolo ndi a mapaipi opanda neti. Kumapeto kwake kuli holo ya njerwa zootcha, malata ake adzimbiri, ndipo kumbuyo kwake kwaima mitengo ikuluikulu ya bulugama. Ana anali akumenya mpira wachikulunga m'kamvula komweko, ena atavala majuzi koma ali opanda nsapato.

Amalume andipeza nditaima pageti ndikuyang'ana kumeneko. "Imeneyo ndiye paki yathu, mphwanga," atero. "Mpando palibe, maluwa palibe. Koma ukhale sabata ino, udzandiuze ngati mumzinda muno muli malo ena otanganidwa kuposa pamenepo."

Usiku uno tadya nsima ya usipa wa ku Nkhata Bay ndi chigwada. Azakhali andiwonjezera bulangete, ati alendo a ku Lilongwe amadzuka ndi chimfine.

Lachiwiri

Azakhali andidzutsa kusanache bwino kuti ndiwaperekeze kukamaliza ndalama ya holo. Woyang'anira anali asanafike, ndiye takhala pakhonde kumudikira. Anachedwa ndithu, koma sindinadandaule, poti pakhondepo ndi pomwe galaundi yonse imaonekera.

Oyamba kufika ndi othamanga: anyamata omwe akukonzekera kukayesa mwayi wa usilikali kapena upolisi, ndi azibambo angapo amimba zawo omwe adokotala anawaopseza ndi BP ndi shuga. Iwowa akamachoka, ana a sukulu amakhala akudutsa. Njira yachidule yopita ku pulayimale imadula pakati pa bwalo, moti mapazi awo anakumba kale kanjira kochokera pa ngodya ina kukafika pa inzake. Cha m'ma 8 koloko amayi obereka ana kumbuyo ayamba kusonkhana pansi pa mtengo wa mango womwe uli pafupi ndi holo. Lero linali tsiku la sikelo. Mlangizi wa zaumoyo wafika pa njinga, waponya chingwe pa nthambi n'kukolekapo sikelo yake. Mwana amamulowetsa m'kakabudula kansalu kazingwe n'kumupachika pa mbedza, iye ali kulira, timiyendo tikupalasa m'malere, mlangizi akudikira kuti muvi ukhazikike asanalembe m'kabuku. Ndinayandikira nthambiyo. Pomwe chingwe chimadutsa panasalala n'kuchita kamphako, kusonyeza kuti ambiri mwa anyamata aja othamanga m'mawa anapachikidwapo pomwepo.

Sikelo isanathe, kumbali ina kwafika wophunzitsa kuyendetsa galimoto, wandandalika zigubu zakale kuti mayi wina aphunzire kubwerera m'mbuyo. Masana ndi a banki mkhonde. Amayala zitenje pakhonde la holo, pakati pali bokosi la maloko atatu, makiyi ake ali ndi anthu atatu osiyana. Ikakwana 3 koloko bwalo ndi la mpira mpaka mdima, atsikana a ntchemberembaye ali kumbali kwawo komwe anajambula mizere ndi phulusa, azibambo a bawo ali pansi pa bulugama. Madzulo m'holo mumalowa kwaya. Palibe chikwangwani chomwe chinalemba ndondomeko imeneyi, komatu sindinaone gulu likulimbirana malo ndi linzake.

Woyang'anira atafika watitsegulira. M'kati ndi chipinda chimodzi chachikulu, kutsogolo kuli nsanja ya simenti, kumbali kachipinda kosungiramo mabenchi ndi kaofesi. Magalasi a m'mazenera ambiri anasweka, pena anatsekapo ndi makatoni. Magetsi alipo, koma wobwereka holo amagula yekha mayunitsi. Mpopi uli panja ndipo ndi wokhoma ndi loko. Zimbudzi zamadzi za m'kati zinatsekedwa kalekale, chomwe chikugwira ntchito ndi chokumba chimodzi kuseri. Chuma chenicheni cha holoyi ndi kope lachikuto cholimba lomwe bamboyo amayenda nalo m'khwapa. Ndinapempha kuti ndilione. Muli zinkhoswe, maukwati, mapemphero a usiku wonse, maphunziro a alimi a nkhuku, msonkhano wa makolo, mpikisano wa makwaya, kulandiritsa maneti a udzudzu, zonse zolembedwa ndi bolopeni, pambali pake mawu oti "walipira" kapena "watsala".

Mbiri ya holoyi ndaimva madzulo kwa amalume, tikuotha mbaula. Ati makoma oyamba anakwera pa Sabata ya Achinyamata, nthawi ya Kamuzu. Achinyamata a lero sangaidziwe. Chaka chilichonse sukulu zinkaima kwa sabata, ana a sukulu ndi a Payoniya n'kumagwira ntchito zachitukuko: kuumba njerwa, kulambula misewu, kukonza milatho, kumanga midadada ya sukulu. Sikunali kufunsa ngati ukufuna. Holo itatha, m'mawa munkaphunzira amayi zosoka ndi zophika, masana sukulu ya kwacha, ndipo nthawi zina kunkabwera galimoto ya boma kudzaonetsa kanema pakhoma lakunja, anthu atakhala pansi pagalaundi. Pomwepanso ndi pomwe amayi ankayeserera magule Ngwazi ikamabwera kumpoto, ndipo ayufi ankaima pakhomo kufunsa khadi la chipani.

"Ndiye ukamamva ena akuti kale zinthu zinali bwino, uziwafunsa kuti ziti," atero amalume. "Holo tinamanga, inde. Koma pakhomo pakepo munthu unkalowa mtima uli m'mwamba."

Akumbukiranso za 1993. Pa 14 June chaka chimenecho anthu anavota pa riferendamu, kusankha pakati pa tambala wakuda wa chipani chimodzi ndi nyali ya zipani zambiri, ndipo iwo anaponya voti yawo m'holo momwemu. Kumpoto kuno nyali inapambana ndi mavoti ochuluka zedi. December wa chaka chomwecho a Payoniya anaombera asilikali a ku Moyale atakangana pa malo omwera mowa mumzinda muno, ndipo mkangano umenewo ndi womwe unayatsa Operation Bwezani, pomwe asilikali analanda zida za a Payoniya m'dziko lonse. Zipani zambiri zitabwera, holo inasanduka ya aliyense ndiponso yopanda mwini. Munalowa vidiyo sho, munalowa mipingo yatsopano, munalowa mabungwe ophunzitsa za Edzi. Denga linasinthidwa kamodzi ndi ndalama za MASAF, thumba la boma lothandizira zitukuko za m'madera. Kuchokera pamenepo, ati, chomwe chimasintha ndi loko wa pachitseko basi.

Lachitatu

Lero ndinati ndione mapaki enieni a mumzinda, amalume n'kudzipereka kundiperekeza. Akamayenda m'tauni amalankhula ndi chala: apa panali tchire, apo panali dambo, apo tinkagula nyama.

Mzuzu ndi mwana poyerekeza ndi Blantyre kapena Zomba. Anayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung, yomwe njere zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi. Esitetiyo inkayendetsedwa ndi bungwe la boma la Britain la Colonial Development Corporation. Malonda a tung sanapite patali, mitengo yake pa msika wa kunja inagwa, koma misewu, nyumba ndi antchito zinali zitakhazikika kale, ndipo maofesi a boma a chigawo cha kumpoto anasamukira kuno kuchoka ku Mzimba. Mzuzu anakhala manisipaliti mu 1980, n'kukhala mzinda mu 1985. Ukaiganizira mbiri imeneyi umamvetsa chifukwa chomwe malo opumirako anthu wamba ali osowa. Pa esiteti amaganiza za munda, fakitale, nyumba za mabwana ndi malaini a antchito. Kapinga wosamalidwa bwino kwambiri yemwe ndamuona lero ndi wa pa bwalo la gofu, pafupi ndi hotela ya Sunbird Mzuzu. Ndi wokongola ndithu, koma mayi wa ana atatu wochokera ku Mchengautuba sangakayale chitenje pamenepo.

Kuchoka pa Shoprite tayenda wapansi kupita ku Katoto Freedom Park. Amene simunafikeko musayembekezere akatungwe ndi maluwa. Ndi bwalo lalikulu lapululu, mchimwene wake wa galaundi ya kwa amalume. Kutchuka kwake ndi misonkhano. Chipani chilichonse chofuna kuonetsa kuti kumpoto chili ndi anthu chimadzakhoma nsanja pamenepa, ndipo tsiku lotsatira manyuzipepala amakangana za kuchuluka kwa khamulo. Ku Katoto komweku ndi komwe kunkayambira zionetsero za 2019 zokana zotsatira za chisankho cha pulezidenti, zotsatira zomwe khoti linadzazifafaniza pa 3 February 2020.

Apa amalume anakhala chete pang'ono, kenaka anayamba za 20 July 2011. Tsiku limenelo anthu m'mizinda ya dziko lino anatuluka kudandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, ndalama zakunja ndi kayendetsedwe ka boma. Anthu 20 anaphedwa, ndipo Mzuzu ndiye anataya anthu ambiri kuposa mzinda wina uliwonse. Ambiri mwa ophedwa a ku Mzuzu anaikidwa pamodzi ku manda a Zolozolo. Chakufwa Chihana, yemwe anamangidwa mu April 1992 atangotsika ndege kudzalalikira za zipani zambiri, nayenso anagona mumzinda womwe uno atamwalira mu 2006. Mzinda waung'ono chonchi, koma wasenza zambiri.

Tadutsira ku laibulale ya National Library Service, komwe mipando yonse inali yodzaza ndi ana okonzekera mayeso, ena akuwerengera panja atatsamira khoma. Amalume ati anthu a kuno nkhani ya mabuku saiseweretsa, ndipo laibulale ya Mzuzu University itapsa mu December 2015 anthu ankadandaula mpaka mumsika. Ku myuziyamu sitinakhalitse. Ndi kamalo kakang'ono, koma muli zida, zovala ndi zoimbira za Atumbuka, Angoni, Atonga ndi Ankhonde, ndipo wofotokozera wake anatiuza bwino za vimbuza, gule wochiza yemwe UNESCO inamuzindikira mu 2005.

Tamalizira pa Coffee Den, kumwa khofi wa alimi ang'onoang'ono a ku Misuku, ku Phoka ndi madera ena a m'mapiri. Amalume athira masupuni a shuga osawerengeka n'kunena kuti tiyi wa Chombe ndiye amawakomerabe.

Lachinayi

Msuweni wanga wamng'ono, mlongo wake wa mwini chinkhoswe, wanditengera ku Botanic Garden. Ndi amodzi mwa malo atatu otere omwe bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi limasamalira, ena ali ku Zomba ndi ku Lilongwe. A kuno ndi nkhalango yachilengedwe: miombo, misuku, timitsinje tamadzi ozizira, tinjira todutsa m'mithunzi. Mnyamatayo akuti ndidzabwerenso cha mu September miombo ikamaphuka masamba ofiira, kapena mu December nthawi ya masuku ndi bowa. Takumana ndi ophunzira angapo ali ndi makope awo, ndi kagulu ka amayi kakupemphera mokweza kutsidya kwa mtsinje. Ena onse ndi mbalame.

Malowa ndi abwino, ndipo ndi oyenera kuwateteza ndi mphamvu zonse, chimodzimodzi nkhalango ya Kaning'ina yomwe imasunga madzi a damu la Lunyangwa, komwe mzindawu umamwa. Koma sangalowe m'malo mwa galaundi. Malo ofuna thiransipoti, kamba ndi tsiku lopanda ntchito, munthu wamba amapitako pa Khirisimasi kapena tsiku lojambulitsa zithunzi za ukwati. Mwana akaweruka ku sukulu amafuna pomwe amayi ake angamuitane ali pakhomo iye n'kumva.

Pobwerera takwera kamtunda komwe mzinda umaonekera bwino. Nyumba zakwera m'zitunda, zatsikira m'madambo, zadzaza paliponse. Pa kalembera wa 1977 mumzinda muno munali anthu pafupifupi 16,000. Mu 1998 anali pafupifupi 87,000, ndipo mu 2018 anapezeka 221,272. Onsewa akufuna puloti. Ambiri anamanga m'malo otsetsereka ndi m'madambo poti ndi momwe munali motsika mtengo, ndipo mvula yoopsa ya mu April 2016 inagwetsa nyumba zambiri m'madera monga Masasa, anthu ena n'kutaya miyoyo. Pomwe anthu akumanga ngakhale pa phompho, malo athyathyathya, ouma, apafupi ndi msewu, sangakhale opanda owasirira.

Madzulo amalume anditengera kuzungulira galaundi yawo kuti andionetse malire akale. Ayima pakhomo pa golosale ina n'kunena kuti kona ya bwalo inali pamenepo. Pomwe pali shopu yometera ndi pomwe ankaima oonerera. Kampingo kena kamalata kali pomwe panali bwalo lachiwiri la atsikana. Bwaloli ladyedwa ngati chigumu chosiyidwa patebulo pali ana: palibe yemwe amatenga chonse, aliyense amangobenthula m'mbali. Woyamba amaika benchi ya tomato, mawa kakhumbi, chaka chamawa njerwa, kenaka akuonetsa pepala la chidindo lomwe palibe akudziwa komwe linachokera.

Ndinafunsa kuti nanga pakatipo patsala bwanji. "Chifukwa sipakhala popanda munthu," atero amalume. "Ungakhome bikoni pomwe pali sikelo m'mawa, mpira masana, kwaya madzulo? Ukhoma nthawi yanji?"

Lachisanu

Tsiku lathera m'misika. Ku Taifa tagula zitenje zotsala za akuchikazi, ku msika waukulu mpunga wa Kilombero, anyezi ndi mafuta, ku Zigwagwa lichero, mthiko, chipande ndi dengu. Nkhomaliro tadya kondowole wa batala pa kalesitilanti kena kuseri kwa msika. Azakhali akhala kuno zaka zonsezi koma kondowole amamudyabe ndi nkhope yokayika.

Tadutsa pa Mzuzu Stadium, bwalo lomwe limadziwika ngati kwawo kwa timu ya Moyale Barracks. Woyendetsa galimoto yomwe inanyamula katundu wathu wayamba yekha nkhani ya Mzuzu Youth Centre. Malo a achinyamata amenewa akhala akulonjezedwa kuyambira nthawi ya Bingu wa Mutharika, ndipo kwa zaka zambiri ankangooneka m'mabuku a bajeti. Bamboyo akuti mwana wake anali ku pulayimale pomwe ankayamba kumva za nkhaniyi, pano ali ndi banja.

Ine sindikutsutsa nyumba zikuluzikulu. Mzinda wa anthu oposa 200,000 ukufunika malo abwino a masewero ndi maluso. Koma nyumba imodzi pakati pa tauni sidzathandiza mwana wa ku Nkhorongo kapena ku Msongwe Lachiwiri masana. Ndalama yogulira galimoto imodzi ya bwana ikhoza kukumba zimbudzi, kukoka mipopi ndi kuika mabenchi asimenti m'magalaundi angapo a m'malokeshoni. Vuto lake n'loti pa chimbudzi sipadulidwa riboni.

Usiku takolopa holo, tapachika nsalu, tandandalika mipando ya pulasitiki yobwereka. Anyamata awiri agona momwemo kulondera.

Loweruka

Amayi anayamba kusonkha moto nkhuku zisanatsike. Mafuwa anawaika kuseri kwa holo, pansi pa bulugama. Mpopi uja anautsegula, koma unangotulutsa mpweya, ndiye atsikana akhala akutunga madzi ku kiyosiki mmawa wonse, zidebe pamutu, kudutsa pakati pa galaundi.

Akuchimuna ndi a ku Rumphi. Za malowolo zinakambidwa kale kunyumba, ndipo amalume akuti nkhani imeneyo inawasowetsa tulo, poti kwathu mkamwini ndiye amabwera kudzamanga kwa mkazi, pomwe kuno mkazi ndiye amapita. Anagwirizana kuti mwambo wa lero uyende mwa Chichewa. MC anali wakuthwa m'zilankhulo zonse ziwiri, akaseketsa mbali ino amatembenuka kukaseketsa mbali inayo.

Anayamba kubweretsa atsikana ofunditsidwa chitenje kumutu mpaka kumapazi kuti mnyamata asankhe wake. Woyamba atamuvundukula anapezeka kuti ndi mdzukulu wa azakhali wa sitandade 5, holo yonse kufa nako kuseka. Wachiwiri anali gogo wina wa kumpingo, yemwe anakana kuchoka mpaka akuchimuna atamufupa. Mwini wake atatulukira, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Ankhoswe anasinthana nkhuku, akuchimuna kupereka tambala, akuchikazi thadzi. Mnyamata analandira nkhwangwa, khasu ndi chikwanje, mtsikana lichero, mthiko, chipande ndi dengu tinagula dzulo zija, aliyense akuuzidwa ntchito yake pamaso pa anthu. Mnyamatayo amagwira ntchito ya pa kompyuta, moti khasu analigwira mokhala ngati limuluma, koma analandira mwaulemu, atagwada.

Perekaniperekani ali pakati, magetsi anathima. Sipanadutse nthawi, mwini shopu yometera uja, yemwe anadya malo a oonerera, anabwera atanyamula jenereta yake, osalipiritsa. Amalume anandiyang'ana n'kupukusa mutu, osanena kanthu.

Panja mpira unali utayamba, poti Loweruka masana bwalo ndi la matimu a m'dera, kaya m'holo muli chinkhoswe kaya mulibe. Wezulo ndi nyimbo za DJ zinkangosakanikirana. Anthu a kuntchito kwa mkwati akuvina kupita kutsogolo, mpira unalowa pa zenera lina lopanda galasi, unadunda pa tebulo la makashiya n'kugwera m'beseni la ndalama. Ma K200 ndi ma K500 anangoti mbwee pansi. Kamnyamata kovala jezi yong'ambika kanasuzumira pakhomo kakunjenjemera. MC anaunyamula mpirawo n'kulengeza kuti wagwidwa, ndipo suchoka mpaka timu yonse idzasupe. Analowadi, osewera a mbali zonse ziwiri ndi oimbira yemwe, matope ali m'miyendo, anavina kuzungulira akwati n'kuponya timakobiri tawo. Azakhali anawapatsa mbale ya mpunga kuti akagawane pa hafu taimu.

Chomwe chinatichititsa manyazi ndi chimbudzi. Anthu odzaza holo, kuphatikizapo oonerera mpira, onse pa chimbudzi chimodzi chokumba chomwe chitseko chake chimagwidwa ndi mwala. Azimayi achikulire ochokera ku Rumphi tinachita kuwaperekeza kunyumba kwa amalume ndi kwa aneba. Apongozi atsopano sanadandaule, anangoti "Yewo, tawonga," koma azakhali nkhope inagwa, ndipo usiku wonse akhala akuibwereza nkhaniyi kuposa ya ndalama zomwe zapezeka.

Lamulungu

Tinadzuka m'bandakucha kukasesa, chifukwa holo Lamulungu ndi ya mipingo iwiri. Wina umalowa m'mawa, winawo umadikira panja ndi ng'oma zawo mpaka anzawo atuluke. Mipando ya pulasitiki tabweza, iwiri yothyoka talipira.

Masana kunali msonkhano wa m'dera pansi pa mtengo wa sikelo uja. Unaitanidwa kale chifukwa sabata yatha anyamata a mpira anapeza bikoni yatsopano kuseri kwa golo lakumunsi, simenti yake isanaume bwino, ndipo anaizula. Abuloko lida anati iwo sakudziwapo kanthu. Akhansala anatumiza uthenga woti atanganidwa. Panali phokoso ndithu, wina akuti tilembe kalata, wina akuti makalata tinalemba kale, mayi wina wa banki mkhonde akuti vuto ndi loti malire a bwaloli ali m'mitu mwa madala okha, ndipo madalawo akutha.

Mfundo ya mayiyo ndi yomwe inagwira. Agwirizana kuti Loweruka likudzali akuluakulu omwe anaona bwaloli likuyamba ayende ndi achinyamata kuloza malire omwe atsala, akhome zikhomo, ndipo nyengo yodzala mitengo ikayamba mu December adzadzale mzere wa mitengo kuzungulira, banja lililonse ndi mtengo wake woti liziuthirira. Mwini jenereta uja anafunsa ngati mzerewo udzadutse kutsogolo kapena kumbuyo kwa shopu yake. Anthu anaseka, yankho silinaperekedwe.

Kenaka azakhali anaimirira, chitenje atamanga m'chiuno, n'kufotokoza za alendo a ku Rumphi ndi chitseko chogwidwa ndi mwala. Sanatalikitse. Pomwepo anatsegula tsamba latsopano m'kope la woyang'anira holo: chimbudzi cha zitseko ziwiri, khomo lililonse lisonkhe ndalama kapena njerwa, anyamata a mpira akumbe dzenje. Amalume analembetsa dzina lawo, kenaka anatchula langa.

"Amalume, ine si wa kuno," ndinatero.

"Dzulo unavina m'holo ya yani?"

Ndalonjeza thumba limodzi la simenti, ndipo msungichuma watenga kale nambala yanga ya foni kuti azindikumbutsa mwezi ukatha.